Kudutsa Pakati pa Bwalo

Ku chidikiro cha pa chipatala cha mishoni ku Mpanshya, dzuwa likapendeka, amayi oyembekezera tonse tinkatuluka kukayenda. Ba sista ankati kuyenda kumathandiza mwana kutsika, ndipo wongokhalira kugona pamphasa amavutika tsiku lake likafika. Tinkayambira pa mtengo wa mango wa pageti la chipatala, n'kutsata kanjira kozungulira bwalo lakale la mpira. Bwalolo analisiya kalekale. Mvula inali itangotha kumene, udzu wa pakati pake unkafika m'chiuno, wosakanikirana ndi chisoso, ndipo wina anali atanena kuti anaonamo njoka. Motero palibe amene ankadutsa pakati. Mapazi a amayi ambiri amene anadikira pamalopo ife tisanabwere anali atadula ngodya zonse, kanjirako n'kukhala ngati mkombero wa lichero.

Tsidya linalo, moyang'anizana ndi mango uja, panali chulu. Pamenepo kanjira kena kankapatuka kulowera kumsewu.

Ine ndinali wamng'ono pa onse. Sukulu ndinalekezera giredi 11, siketi ya yunifomu itayamba kukana kutseka. Amayi aang'ono amene anandiperekeza anabwerera kumudzi kukakolola, n'kundisiyira ufa, kapenta ndi kambaula. Masiku oyamba ndinkayenda kumapeto kwa mzere, maso ali pansi. Amayi enawo ankanditchula kuti ba Giredi. Sankanena mwachipongwe, koma makutu anga ankatentha ndithu.

Amene anandichotsa kumbuyoko ndi ba Eliness.

"Iwe mwana, uyenda monga uperekeza maliro. Bwera kuno. Dzina ndiwe ndani?"

"Natalia."

"Ndani? Kweza mawu, makutu anga anatha ndi kulira kwa ana."

"Natalia."

"Awe mwandi, mawu monga kamwanapiye konyowa. Tiye, gwira pano."

Anandipatsa mkono wawo. Kuyambira tsikulo tinkayenda limodzi, ndipo mbaula zathu ziwiri zinasanduka imodzi.

Ba Eliness anali a kupitirira Shikabeta, mayi wamfupi, wa mpata pamano, wa ana asanu ndi mmodzi. Sanabwere ku chidikiro mwa kufuna kwawo. Pochira mwana womaliza anataya magazi ambiri, moti anafika kukiliniki pangolo asakuzindikira anthu. Ulendo uno anesi a kwawo anawauza mosapita m'mbali kuti akachirire pamalo pamene pali madokotala ndi magazi owonjezera. Anandifotokozera zimenezi akusenda tomato, mopepuka, ngati ankakamba za munthu wina.

Anandiphunzitsa kumanga chitenje pansi pa mimba kuti msana upume. Mwendo ukandikokana ankaupinda chala chachikulu mpaka utamasuka. Sanandifunsepo za bambo wa mwana, ndipo ndinawakonda chifukwa cha zimenezo. Nkhani yawo inali imodzi: mapira. Anali ndi munda m'mbali mwa kamtsinje, ndipo ngala zinali zitayamba kufiira pamene ankachoka.

"Mapira ali monga mwana wokwawa," ankatero. "Ukangotembenuka chabe, kwachitika kanthu."

Tsiku lina masana foni ya ba Dorcas, mayi wanthabwala amene ankagona pafupi ndi khomo, inalira. Anali Charity, mwana woyamba wa ba Eliness, akuimba ali paphiri pamene netiweki imagwira. Ndinali pafupi, moti ndinamva kamawu kake kakunjenjemera. Anyani anali atalowa m'munda. Atate ake, ba Philemon, mwendo unali utatupa chifukwa cha chitsa chimene chinawabaya, ndipo sakanatha kuthamanga. Anyaniwo ankati akaona kuti wowathamangitsa ndi mtsikana, ankangosunthira pang'ono n'kupitiriza kudya.

Ba Eliness anabweza foniyo. Titatuluka kukayenda tinayenda mpaka pachulu. Pamenepo anaima, n'kuyang'ana kanjira kopita kumsewu.

"Kuyenda konseku kumene tayenda chibwerereni," anatero, "munthu atakutambasula monga chingwe, sembe manje ndili m'munda mwanga."

"Mukanapitirira, mukanafika ku Mozambiki!" anatero ba Dorcas kumbuyo kwathu. "Ine ndiye nsapato zinatha, koma ndikayang'ana, mango omwewa!"

Amayi enawo anaseka. Ba Eliness sanaseke.

Mawu awo anandikumbutsa a Chabwela, aphunzitsi athu a sayansi. Tsiku lina anatitulutsa m'kalasi, n'kujambula mkombero waukulu pansi ndi chingwe ndi kamtengo. Anaika mwala pamzerepo, nauza mnyamata wina kuti ayambire pamwalapo, azungulire mpaka abwererepo. Atabwerera anatifunsa kuti wayenda mtunda wotani. Tinayeza ndi chingwe. Kenako anafunsa kuti wasuntha motani kuchoka pamene anayambira. Wina anayankha kuti sanasunthe n'komwe, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. A Chabwela anati izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mtunda ndi njira yonse imene mapazi aponda, ndipo umangowonjezeka. Koma chinacho, chimene ankachitchula kuti disipulesimenti, ndi mzere woongoka kuchokera pamene unayambira kufika pamene waima, ndi kumene mzerewo waloza. Ukazungulira theka, mzerewo umadutsa pakati penipeni, ndipo ndi pamene umatalika kwambiri. Ukapitiriza umayamba kufupika. Ukamaliza kuzungulira umatheratu.

Ine tsiku limenelo ndinaseka nawo. Nditabwerera kunyumba kwa amayi ndi katundu wanga wa kusukulu, n'kugona pamphasa yomwe ndinkagonapo ndili giredi wani, phunzirolo linasiya kundiseketsa. Sindinkafuna kulikumbuka. Koma ku chidikiro, masana aliwonse, mapazi anga ankalibwereza okha.

Lachisanu lililonse kanta ina, lole yaing'ono yonyamula anthu ndi katundu, inkanyamuka kumsika masana kupita cha ku Shikabeta. Aliyense ankadziwa zimenezi.

M'mawa wa Lachisanu ba Eliness anakhuthulira makala awo onse m'thumba langa. Anati thumba lawo labooka. Mchere wawo anauthira m'kabotolo kanga. Anatuluka ndi zovala ngati akukachapa, koma pachingwe sindinaone chovala chawo chilichonse. Nthawi yoyenda itakwana anavala nsapato zansalu za kutchalitchi m'malo mwa patapata.

Panalinso china. Pamene tinkadya, anali pakati pa nkhani ya mbuzi yawo ina yokonda kuba, n'kudukiza mawu pakati. Anagwira mwendo wa benchi, maso ali pakhoma, mpweya atautsekera. Patapita kanthawi anapitiriza nkhaniyo pamene anaisiyira. Zinachitikanso akutsuka mbale. Ine mwana ndinali ndisanaberekepo, koma ndinali nditakhala pa chidikiro mokwanira kuti ndidziwe nkhope imeneyo.

Ndinaganiza zokauza ba sista. Ndinafika mpaka pakhonde la ku wodi, n'kuwaona akulankhula ndi anthu ena, ndipo miyendo yanga inabwerera yokha. Ndikanayamba bwanji? Ndikananeneza bwanji munthu wamkulu amene ankandipinda zala?

Tinayamba kuyenda. Ba Eliness ankayenda pang'onopang'ono dala, mpaka amayi onse anatipitirira. Titafika pachulu, enawo anali atakhota kale kubwerera kumango. Anasiya mkono wanga, n'kupita kuseri kwa chulu, natulutsa mtolo wawo umene anaubisa m'mawa.

"Ukafika uwauze ba sista kuti ndidzabwera Lolemba," anatero osandiyang'ana. "Ndikaone chabe. Tikadula ngala zokhwima, ndibwera."

"Amayi."

"Usaiwale kumanga chitenje monga ndinakuonetsa. Ndipo udzidya, iwe. Udya monga mbalame."

"Amayi, matenda ayamba."

Anatembenuka. "Wakuuza ndani?"

"Ndaona. Pabenchi. Ndi pambale."

"Ha! Ba Giredi asanduka anesi manje." Anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. "Izi ndi zongochenjeza, mwana wanga. Ine ndabereka kasanu n'kamodzi. Zimatha kutenga masiku. Thupi ili ndilidziwa ndine."

Kumsika hutala ya kanta inalira, kuitana okwera. Ba Eliness anasenza mtolo uja.

Ndinalibe mawu anga anga oti n'kuimitsa munthu wamkulu. Amene ndinali nawo anali a a Chabwela. Ndinathyola kamtengo, n'kugwada movutikira, bondo limodzi kenako linalo, n'kujambula mkombero pafumbi.

"Tsiku lija munati kuyenda kwathu atakutambasula mukanafika kumunda," ndinatero. "N'zoona. Mtunda wake ndi womwewo. Koma taonani. Apa ndi pamango, pageti. Ife tili apa. Kuchoka pageti kufika pamene tili, moongoka, ndi kamzere aka. Pa njira yonseyi palibe pena pamene pali kutali ndi geti kuposa pano. Tikangopitiriza, kamzereka kayamba kufupika, mpaka kutheratu pamango."

Ba Eliness anayang'ana pansipo, mtolo uli pamutu.

"Ndiye sukulu yako ikuti masabata onsewa sindinapite kulikonse."

"Ee."

"Nanga si ndizo ndikamba ine!"

"Koma ndi dala, amayi." Ndinaloza mkombero uja. "Ine poyamba ndinkaona ngati ndi kutaya nthawi. Koma akanafuna kuti tingoyenda, akanatiuza kuti tiziyenda mumsewu. Njira iyi ndi yoti miyendo iyende kwambiri koma inu musatalikire chitseko. Uko," ndinajambula mzere wochoka pamkombero kulowera kumsewu, mpaka kamtengo kanathyoka, "phazi lililonse limene muponde likuchotsani."

"Anyani sadziwa sukulu, Natalia." Aka kanali koyamba kunditchula dzina langa bwinobwino. "Mapira aja akatha, ana anga adzadya mizere yako? Ukudziwa Febuluwale wa kwathu iwe? Mwana amalira mpaka mawu kutha, iwe ulibe ngakhale choika m'madzi otentha."

Ankanena zoona.

"Ndikakhala pano ndimva monga mbuzi ya pachikhomo," anapitiriza, mawu atatsika. "Kudya, kuzungulira, kugona. Kwinaku mwana wanga alimbana ndi anyani yekha."

Hutala inaliranso. Anayamba kuyenda kulowera kumsewu. Ndinadzuka mogwira chulu, n'kuwatsatira, n'kugwira nsonga ya chitenje chawo monga mwana wamng'ono pamsika.

"Mukagwa pano, ndikuwa, amva," ndinatero. "Nanga pakanta, pakati pa mapiri, adzakuwira ndani?"

"Iwe? Kukuwa?" Anaima, ndipo ulendo uno anasekadi. "Kamwanapiye iwe, ngakhale nyerere ya pachulu ichi singatembenuke."

Kuseka kuja sikunathe. Kunadukira pakati monga nkhani ya mbuzi ija. Anawerama, manja pamaondo, mtolo n'kugwera m'udzu. Ndinaika dzanja langa pamsana pawo, m'munsi, pamene ndinkaona amayi ena akusisitana, n'kumakanikiza. Zinatenga nthawi yaitali kuposa za pabenchi. Thukuta linatsika m'khosi mwawo.

Zitapita anakhalabe chowerama. Kumsika injini ya kanta inali italira. Akanafulumira akanaipeza pamphambano. Anayang'ana kumeneko, nayang'ana mtolo, nayang'ana mkombero wanga umene unali utafufutika mbali imodzi ndi phazi lawo.

"Tsiku lija pangolo," anatero pang'onopang'ono, "Charity ankathamanga pambuyo. Ndinkamumva akuitana, koma pakamwa panga sipankatseguka."

Anapukuta nkhope ndi chitenje.

"Tola mtolowo. Anyani adye. Adzatsekula m'mimba."

Tisanayende n'komwe pang'ono, nsupa inasweka. Madzi anatsika m'miyendo mwawo n'kunyowetsa nsapato za kutchalitchi zija, ndipo sanali oyera okhaokha. Munali magazi. Ine ndinawaona, ba Eliness nawonso anawaona. Anatembenukira kukanjira kathu ka masiku onse.

"Ayi, amayi. Tidutse pakati."

"M'udzumu? Muli njoka."

"Kuzungulira n'kutali. Kuli ngati kudutsa pakatipa kamodzi ndi theka, n'kuwonjezerapo pang'ono."

"Zimenezonso ndi za aphunzitsi ako?"

"Ee."

"Ndiye tsogola, zikulume ndiwe."

Ndinasiya mtolo pachulu. Ndinaloza maso pa mango, n'kulowa m'udzu, ndikuuponda ndi mapazi kuti ugone, dzanja limodzi lili kumbuyo litagwira la ba Eliness. Njoka ndimaziopa kuposa chilichonse. Ndinkaponda mwamphamvu kuti ngati zilimo zimve. Chisoso chinkandikanda m'miyendo, ziwala zikuuluka kumaso. Ba Eliness ankapuma mokoka kumbuyo kwanga, ndipo dzanja lawo linkalemera.

Pakati penipeni pa bwalo anagwada.

"Dikira. Dikira pang'ono."

Nkhope yawo inali itatuwa. Pamango ndinkaona amayi atakhala pabenchi, ena akuvula patapata, osayang'ana kwathu. Kuthamanga sindikanatha, ndi mimba yangayo. Kuwasiya okha m'udzu sindikanathanso.

Ndinakoka mpweya mpaka mwana anagunda m'nthiti.

"Ba Dorcas! Ba Dorcas, imwe! Itanani ba sista! Abwere ndi mpando! Ba Eliness adwala!"

Mbalame zinauluka mumtengo wa mango. Ndinaona mitu yonse ikutembenuka nthawi imodzi, kenako ba Dorcas akulowa pageti, akuyenda mwa liwiro limene sindinkadziwa kuti ali nalo. Ndinakuwanso, ngakhale kuti anali atamva kale. Kukhosi kunandiwawa.

Ba Eliness anandiyang'ana ali chogwada, mpata wa pamano uja ukuoneka.

"Kansi uli nawo mawu," anatero. "Unali kuwasungira ndani?"

Mpando wamatayala sunathe kulowa m'udzu. Ba sista ndi bambo wina wogwira ntchito ku wodi anabwera wapansi, akutsata mawu anga, n'kuwanyamula ba Eliness mpaka pamango. Kuchoka pamenepo kufika pachitseko cha wodi sipanali patali. Chitsekocho chinatsekeka, ine n'kutsala panja. Ba Dorcas anandikhazika pansi, nandipatsa madzi.

"Ba Giredi," anatero, "tsiku lako likadzafika, chipatala chonse chidzasamuka ndi phokoso."

Mwana anabadwa dzuwa lisanalowe, wamkazi. Magazi anabweradi monga ulendo watha. Tinaona anesi akulowa ndi kutuluka mofulumira, wina atanyamula thumba la magazi. Amayi a pa chidikiro anayamba pemphero la kolona chapansipansi, ndipo ine ndinayankha nawo mokweza kuposa masiku onse. Kusanade ba sista anatuluka n'kutiuza kuti asiya kutaya, agona.

Anandilola kuwaona mawa lake. Anali ndi diripu kumkono, milomo itauma, kamwana kali pambali pawo katakulungidwa m'chitenje chimene ndinachizindikira: ba Dorcas anali atakatenga mtolo uja pachulu. Ba Philemon anali ataimba m'mawa. Anyani anatha mbali yonse ya kumtsinje. Mbali yotsalayo anthu a mumphakati wawo wa kutchalitchi anagwirizana kuti akadule Lolemba, ngakhale ngala zina zinali zisanaume bwino.

"Theka," anatero ba Eliness. "Febuluwale adzatiluma ndithu." Anayang'ana kudenga. Kenako anatembenuzira mutu kwa mwana. "Koma adzandipeza ndilipo."

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi. Ndinagwira kaphazi ka mwanayo. Kanali kofewa, kopanda ndi fumbi lomwe.

"Taona chitenje chako," anatero ba Eliness. "Wagona nacho chonchi?"

Ndinayang'ana. M'munsi monse munali mutadzaza chisoso cha dzulo, timinga takuda tothithikana mpaka m'maondo. Anakokera nsongayo pabedi ndi dzanja lopanda diripu, n'kuyamba kuzula kamodzikamodzi, akuika m'chivundikiro cha kapu.

"Mukasiye, amayi, ndikachotsa ndekha."

"Khala chete. Ndigwire ntchito yanji ine pano?" Anazula kena. "Aphunzitsi ako aja akali pasukulu pomwepo?"

"Ali pomwepo."

"Uyu wako akayamba kudya phala, ubwerere. Akakuone."

"Anzanga adzakhala atamaliza. Ndidzayambiranso giredi yomwe ija."

"Ndiye? Pamango tibwererapo masiku onse, wafa ndani?"

Kunja ba Dorcas anali atayamba kale kuitana anthu, ngakhale dzuwa linali lisanapendeke bwino.

"Pita," anatero ba Eliness. "Timinga totsalati ndidzamaliza ukabwera. Ndipo uzungulire, wamva? Osadutsa pakati. Njira ija ndi yanga."

Nditafika pamango ndinauona mzere wathu, udzu wogona woloza kuchulu, wothera pakati pa bwalo pamene mapazi ambiri anapondaponda. Ba Dorcas anandipatsa mkono wawo, tinayamba kuzungulira.